Multimeter inkati nthambo ili bwino: lipoti la netiweki ya coaxial yomwe inkafa mwezi ukamatha

Ntchito iyi ndinaigwira ku Limbe, pa kampani ina yogulitsa katundu wa pikulitsa, zaka zochepa wailesi ya kanema ya TVM isanatsegulidwe mu 1999. Za TVM ndatchula dala, chifukwa chake chioneka kutsogoloku. Ndikulembera makamaka anzanga omwe alowa ntchito ya netiweki atapeza kale switch ndi Wi-Fi, omwe sanagwirepo m'manja BNC, kachitsulo kolumikizira nthambo ya coaxial, komanso omwe angakumane ndi nthambo ya mtunduwu pa makina akale a m'fakitale nkusowa poyambira.

Malo ndi dandaulo

Nyumbayo inali yosanja kamodzi. Pansi panali makaunta ogulitsira, pamwamba panali ofesi ya akawunti ndi maofesi a mabwana, ndipo kuseri, kudutsa kabwalo koimikapo malole, kunali nyumba yosungiramo katundu. Makompyuta analipo 19, kuphatikizapo seva imodzi, kompyuta yosunga mafayilo a onse, yoyendera Novell NetWare 3.12. Ambiri ankayendera DOS, ochepa Windows for Workgroups 3.11. Makhadi a netiweki ambiri anali a mtundu wa NE2000, ena a 3Com. Onsewa anali pa nthambo imodzi yakuda ya coaxial ya mtundu wa RG-58, yomwe inkachoka pa seva, nkuyenda m'munsi mwa makoma, kukwera m'siling'i, kutsikira ku makaunta, mpaka kukathera kosungira katundu kuja.

Masiku wamba netiweki inkayenda. Mwaulesi, koma inkayenda, ndipo anthu anali atazolowera. Vuto linkadza mwezi ukamatha, pomwe a akawunti ankakonza malipiro a antchito ndi kusindikiza zikalata za angongole onse. Makompyuta ankangouma, kenako nkutulutsa uthenga woti alephera kumva kuchokera ku seva, nkufunsa ngati munthu akufuna Abort kapena Retry. Kawiri konse fayilo ya mabuku a ndalama inawonongeka pakatikati pa ntchito, moti anachita kuibweza kuchokera pa tepi yosungira mafayilo ya dzulo lake ndi kulembanso zonse za tsikulo. Amayi omwe ankatsogolera akawunti anandiuza kuti miyezi itatu yotsatizana ankaweruka usiku, ndipo mwezi wina antchito a kosungira katundu analandira mochedwa ndi masiku awiri. Munthu wolandira zochepa ukamuchedwetsera masiku awiri, mwininyumba yake sakumva za kompyuta.

Ndisanafike ine panali patadutsa anthu awiri. Woyamba anasintha makhadi anayi ndi kufufuza mavairasi. Wachiwiri anawonjezera memory mu seva, ndipo zitakanika anati seva yakalamba, nkusiya mtengo wa ina yatsopano. Pepala la mtengowo linali pa tebulo la bwana wamkulu likudikira siginecha. Anandiitana kuti ndingotsimikizira.

Momwe nthamboyi imagwirira ntchito

Apa ndichedwepo pang'ono, chifukwa wosamvetsa nthamboyi sangamvetse zomwe zinachitika.

Ethernet, njira yomwe makompyuta amalankhulirana pa netiweki, inabadwira pa coaxial, nthambo ya waya mmodzi wamkati wokutidwa ndi pulasitiki ndi ulusi wachitsulo kunja kwake. Robert Metcalfe anailongosola koyamba mu 1973 ali ku Xerox PARC, ku Palo Alto, ndipo anaimanga pamodzi ndi David Boggs. Nzeru yake anaitapa ku ALOHAnet ya ku University of Hawaii, komwe makompyuta a pa zilumba zosiyana ankagawana njira imodzi ya wailesi. Iye anangoti, wailesiyo tiitsekere mu nthambo. Yoyesera ija inkathamanga ma megabit 2.94 pa sekondi. Mu 1980 makampani a DEC, Intel ndi Xerox anagwirizana za ya ma megabit 10, ndipo nthambo yake inali yonenepa ngati chala, kawirikawiri yachikasu, yovuta kupinda, yotha kufika mamita 500. Imeneyo ndi 10BASE5. Pofuna kulumikiza kompyuta unkaboola nthamboyo pa chizindikiro, ndipo zizindikirozo zinkatalikirana mamita 2.5. Ine yoteroyo ndinangoigwirapo kamodzi. Yomwe inadzaza m'maofesi ang'onoang'ono ndi mng'ono wake, 10BASE2, yomwe bungwe la IEEE linavomereza mu 1985: yopyapyala, yofewa, yotchipa, yosafuna bokosi lililonse pakati.

Malamulo ake ndi ochepa koma salola kukambirana. Nthambo isapose mamita 185. Makompyuta asapose 30, ndipo pakati pa awiri oyandikana pakhale nthambo yosachepera theka la mita. Kompyuta iliyonse imalowa kudzera pa kachitsulo kooneka ngati chilembo cha T, ndipo T ameneyu amamangidwa pa khadi penipeni. Kumapeto konse kuwiri kumakhala terminator, kachitsulo kotseka mapeto a nthambo, ya ma ohm 50. Ethi, waya wopita m'nthaka, imamangidwa malo amodzi okha. Nambala 2 ya mu dzina lija inasocheretsa ambiri, ankayesa kuti ndi mamita 200, ndipo wofika 200 saona chovuta kuwonjezerapo 20.

Makompyuta onse amagawana waya mmodzi wamkati, ndiye amalankhula ngati anthu pabwalo la mfumu. Wofuna kulankhula amayamba wamvetsera. Kukakhala zii, amayamba. Awiri akayambira pamodzi, onse amazindikira kuti awombana, amasiya, aliyense nkudikira kanthawi kosankha mwamaere, kenako nkuyesanso. Akawombananso, nthawi yodikira imatha kukula kawiri. Akalephera maulendo 16, khadi limataya paketiyo, kamtolo ka uthenga komwe limafuna kutumiza, nkusiyira pulogalamu kuti ione chochita. Kuwombana pakokha si matenda, ndi momwe bwaloli limayendera. Pa coaxial khadi limadziwa za kuwombanako poyeza mphamvu ya magetsi ili pa waya: wolankhula mmodzi amaika mlingo wake wodziwika, awiri amaupitirira.

Nanga terminator ndi yachiyani? Amene anakhalapo m'mbali mwa nyanja amadziwa kuti funde likafika pa gombe la mchenga limangothera pomwepo, koma likamenya thanthwe limabwerera nkukasokoneza mafunde omwe akubwera pambuyo pake. Uthenga wa mu nthambo ndi funde la magetsi. Terminator ndi mchenga uja. Ikachoka, kapena nthambo ikaduka pena pake, funde lonse limabwerera, mphamvu pa waya imakwera, ndipo khadi lililonse limayesa kuti lawombana ndi mnzake pomwe likulankhula lokha. Nchifukwa chake munthu mmodzi akangomasula nthambo pansi pa desiki yake, ofesi yonse imaima. Nsomba ikawola imodzi, zonse zawola. Komatu si kumapeto kokha komwe funde lingabwerere. Paliponse pomwe nthambo yasintha chikhalidwe, gawo lina la funde limabwerera, ndipo pamenepa ndi pomwe panagona nkhani ya ku Limbe.

Tsiku loyamba, lomwe ndinataya

Ndinafika Lachinayi masana, kutatsala sabata ndi theka kuti mwezi uthe. Anthu ataweruka ndinazimitsa makompyuta onse, nkumasula T mmodzi pa khadi, nkuyeza ma ohm ndi multimeter, chipangizo choyezera magetsi, pakati pa kaphini kamkati ndi chitsulo chakunja. Umu ndi momwe tonse tinaphunzirira. Ma terminator awiri a 50 akakhala pa waya mmodzi amaoneka ngati 25, kuwonjezerapo pang'ono za waya weniweniyo. Ukapeza cha m'ma 50, ndiye kuti nthambo yaduka kapena terminator imodzi palibe. Ukapeza pafupi ndi ziro, pali shoti. Ine ndinapeza 28. Ndinayezanso pa makaunta, 28. Kosungira katundu, 28 ndi kadontho.

Ndinalemba m'kabuku kuti nthambo ili bwino, ndipo kumeneku kunali kulakwa. Chifukwa cha mzere umodzi umenewo, Lachisanu lonse ndinathera pa seva. Ndinasintha khadi lake, ndinaona ngati IRQ yake, nambala yomwe khadi limaitanira purosesa, ikulimbana ndi ya chipangizo china, ndinatsegula NET.CFG, fayilo ya makonzedwe a netiweki, pa kompyuta iliyonse kuona ngati mtundu wa frame, kakonzedwe ka paketi, ukufanana ndi wa seva, poti NetWare 3.11 inkayambira pa Ethernet_802.3 pomwe 3.12 inkayambira pa Ethernet_802.2, ndipo maofesi ambiri omwe anakweza seva ankasokonekera pamenepo. Zonse zinali m'malo mwake. Seva inalibe mlandu. Memory inali yokwanira, disiki inali ndi malo, purosesa sinkatopa nkomwe. Chokhacho chomwe chinandikhalitsa pansi chinali mu MONITOR, pulogalamu yoonetsa momwe seva ikuyendera, pa ziwerengero za khadi: mapaketi ofika ali owonongeka ankachuluka ndikuyang'ana, ngakhale khadilo linali latsopano lomwe ndinabwera nalo ndekha.

Paketi yowonongeka siwonongekera mu seva. Imawonongekera panjira.

Kuyeza ndi wotchi ya pamkono

Chipangizo choyenera ntchito iyi chinalipo pa dziko, chotchedwa TDR, chomwe chimaponya kafunde mu nthambo nkuwerenga nthawi yomwe katenge kuti kabwerere, motero chimakuuza kuti chovuta chili pa mita yakutiyakuti. Ine ndinalibe, ndipo mtengo wake sunali wa mmisiri woyenda pa minibasi. Ndinali ndi multimeter, ma terminator anayi, ma T angapo, chopanira ma BNC, tochi ndi wotchi.

Loweruka masana, sitolo itatsekedwa, ndinapanga fayilo ya ma megabyte 20 pa seva nkuyamba kuikopera ku kompyuta iliyonse, imodzi imodzi, ena onse ali chete. Ya pafupi ndi seva inatenga masekondi 50. Za mu akawunti zinkatenga pakati pa mphindi imodzi ndi mphindi imodzi ndi theka. Za pa makaunta zinkapitirira mphindi zitatu. Ya kosungira katundu inafa panjira kawiri. Kenako ndinayambitsa makompyuta atatu nthawi imodzi, ndipo uthenga uja wa Abort ndi Retry unatuluka pasanathe mphindi ziwiri. Mwezi unali usanathe, koma matenda ndinali nditawaitana.

Apa chinsinsi cha kumathero a mwezi chinamasuka. Paketi ya Ethernet imayambira pa ma byte 64 kufika 1518. Munthu akamalowa mu netiweki m'mawa, kapena akamafufuza mtengo wa katundu mmodzi, amatumiza timapaketi tating'ono, tochepa, ndipo kamodzi kakawonongeka kamatumizidwanso munthu osazindikira. Koma ntchito ya malipiro imakoka mafayilo akuluakulu, mapaketi aatali otsatizana, makompyuta angapo nthawi imodzi. Paketi yaitali imakhala nthawi yaitali pa waya wodwala, ndiye mpata woti kachidutswa kamodzi kasokonekere umakula, ndipo kachidutswa kamodzi kakalakwika paketi yonse imatayidwa. Zotumizidwanso zimawonjezera katundu pa waya womwewo, kuwombana kumachuluka, mpaka pulogalamu imatopa kudikira. Netiwekiyi inkadwala mwezi wonse. Kumathero a mwezi nkomwe inkasenzetsedwa katundu woonetsa kudwalako.

Njira yotsala inali yodula pakati. Ndinamasula nthambo pa kompyuta yachisanu ndi chinayi kuchokera ku seva, nkuikapo terminator yanga, kuti theka la kutali lichoke. Fayilo ija inatsika kufika masekondi 45 pa makompyuta a mu akawunti. Kunali kusintha, koma sikunandikhutiritse, chifukwa nthambo yaifupi chotero inayenera kuchita bwino kuposa apo. Ndinabwerera chammbuyo, T mmodzi mmodzi. Nditadula ofesi ya bwana wamkulu isanafike, nthawi inagwa kufika masekondi 33, ndipo mapaketi owonongeka anasiyiratu. Choncho zovuta zinali zosachepera ziwiri: china mu ofesi ya bwana, china kutsogolo.

Cha mu ofesi ya bwana sichinavute kupeza. Desiki yawo inali pakati pa chipinda, ndipo nthambo inkadutsa m'munsi mwa khoma. Wina, pofuna kuti pakhale paukhondo, anasiya T kukhoma kuseri kwa kabati, nkutenga nthambo ina ya mamita anayi kuchoka pa mwendo wa T kukafika pa kompyuta. Ndi maso zimaoneka zanzeru. Koma mwendo wa T umaloledwa masentimita ochepa chabe. Ukautalikitsa, wapanga mphanda, funde likafika pamenepo limagawika, lina limalowa m'kanjira kopanda terminator nkubwerera. Multimeter singaone zimenezi, chifukwa kumapeto kwa kanjirako kulibe cholumikiza mawaya awiriwo.

M'siling'i

Cha kutsogolo chinali pakati pa kompyuta yomaliza ya pamwamba ndi yoyamba ya pa makaunta, ndipo chigawo chimenecho chinkadutsa m'siling'i. Palibe pepala lililonse lomwe linkaonetsa njira ya nthambo. Omwe anaiyala anali atachoka kalekale.

Amene anandithandiza ndi bambo wina wachikulire, mesenjala wa pa kampanipo, yemwe anatsala kuti adzatseke zitseko ndikamaliza. Anakhala akundiyang'ana masana onse osanena kanthu. Nditayamba kufunsa za makwerero, anati:

"Achimwene, kodi mukufuna kukwera kumene kunadyedwa ndi makoswe kuja?"

Ndinati, "Kunadyedwa liti, bambo?"

"Chaka chatha, dzinja. Makina onse anaima tsiku lathunthu. Ndiye bwana anaitana mnyamata amene anawaikira dishi kunyumba kwawo. Anakwera ndi waya wake woyera, pofika madzulo zinthu zinayamba kuyenda. Makwerero ndinamugwirira ndine."

Ndinawafunsa ngati anauzako anthu awiri aja omwe anabwera ine ndisanafike. Anati sanafunsidwe. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo kuyambira tsiku limenelo sindiyamba ntchito pa malo achilendo ndisanacheze ndi mesenjala, mlonda kapena wosesa, chifukwa iwowa ndi amene amaona aliyense wokwera m'denga.

Anandigwirira makwerero omwewo. Pansi pa malata panali potentha ngati mu uvuni ngakhale dzuwa linali litapendeka. Ndinatsata nthambo yakuda ndi tochi mpaka pomwe inathera mu chibuluma cha tepi wakuda, ndipo kuchoka pamenepo inapitirira ili yoyera, yonenepako pang'ono. Pa chikopa chake panalembedwa RG-59, 75 ohm. Nthambo ya kanema. Masiku amenewo, dziko lisanakhale ndi wailesi ya kanema yakeyake, nthambo yotereyi inkapezeka ndi anthu ochepa, oika madishi ndi okonza mavidiyo, ndipo kwa iwo coaxial inali coaxial basi. Sindimunena mnyamatayo. Anapeza waya woduka, analumikiza, makina anayaka, anthu anamuthokoza. Palibe anamuuzapo kuti nthambo ziwiri zofanana maonekedwe zingasiyane mkati. Popeza RG-59 ndi yonenepa kuposa RG-58, ma BNC omwe analipo sakanalowa, ndiye anangosenda mbali zonse, kupota mawaya amkati pamodzi, kupota ulusi wakunja pamodzi, nkukulunga tepi. Anachita zimenezi mbali zonse ziwiri. Chigawo choyeracho nditachitsitsa ndinachiyeza: mamita 10 ndi theka.

Chifukwa chomwe multimeter inandinamiza

Kunena zoona sinandinamize. Inayankha funso lomwe ndinaifunsa, ine ndi amene ndinafunsa funso loperewera. Multimeter imatumiza magetsi a batire, oyenda mbali imodzi mosatekeseka, nkuona ngati njira ilipo. Kwa magetsi otero, mkuwa ndi mkuwa. Ma ohm 50 kapena 75 olembedwa pa nthambo ndi chinthu china: amanena momwe nthamboyo imalandirira funde lothamanga, ndipo zimenezi zimachokera pa kunenepa kwa waya wamkati, mpata wa pakati pa iye ndi ulusi wakunja, ndi mtundu wa pulasitiki wodzaza mpatawo. Batire silingazione.

Funde lochoka mu nthambo ya 50 kulowa ya 75 limabwerera ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a msinkhu wake. Kuwerengera kwake nkosavuta: kusiyana kwa ziwirizi, 25, kugawa ndi kuphatikiza kwake, 125. Potuluka kubwerera mu ya 50 zimachitikanso. Koma chomwe chinandisowetsa tulo nditabwerera kunyumba ndi kutalika kuja. Ethernet ya pa coaxial imalemba uthenga m'njira yotchedwa Manchester, momwe manambala ofanana otsatizana, monga 1111, amatulutsa funde la 10 MHz, pomwe osinthana, monga 1010, amatulutsa la 5 MHz. Mu nthambo yotere funde limathamanga pafupifupi magawo awiri mwa atatu a liwiro la kuwala, ndiye funde limodzi la 10 MHz limatalika mamita pafupifupi 20, la 5 MHz mamita pafupifupi 40. Chigawo cha mamita pafupifupi 10 chimakhala theka la funde loyambalo, ndipo pa theka zobwerera za mbali ziwiri zija zimafafanizana, funde nkudutsa ngati palibe kanthu. Koma kwa la 5 MHz, mamita 10 ndi gawo limodzi mwa anayi, pomwe zobwererazo zimathandizana, ndipo nthambo imaoneka ngati ya ma ohm 112, kubweza funde la msinkhu woposa gawo limodzi mwa atatu. Tsono paketi iliyonse ya Ethernet imayamba ndi mndandanda wa 1010 womwe khadi lolandira limatcherera khutu. Mnyamata uja, mosadziwa, anadula waya wake pa mlingo woipitsitsa womwe akanatha kusankha. Akanadula mita imodzi yokha, mwina bwenzi vutolo lisanaonekere mpaka nthamboyo itachotsedwa.

Zina ziwiri zomwe ndinapeza

Nditatsata nthambo yonse ndi tepi yoyezera, kuphatikizapo mikombero yomwe inangounjikidwa kuseri kwa makabati, ndinapeza mamita 231. Inayamba ili mkati mwa malamulo, koma pomwe anawonjezera nyumba ya katundu ija palibe anawerengera.

Chinanso chinali ethi. Ku seva terminator inali ndi katcheni kake komangidwa ku ethi, monga zimayenera. Koma kosungira katundu, T womaliza anali atatsamira shelefu yachitsulo yomangidwa ku zitsulo za nyumbayo. Motero ulusi wakunja wa nthambo unali utalumikiza ethi ya nyumba ziwiri zosiyana, ndipo magetsi osochera ankayenda mmenemo. Mnyamata wa kumeneko anandiuza kuti nthawi zina chitsulocho chinkamunyerenyetsa akachikhudza. Ichi chinandidetsa nkhawa kuposa zonse, chifukwa zinazo zinkawononga mafayilo, koma ichi chikanatha kuvulaza munthu, makamaka nthawi ya mvula ya ziphaliwali.

Zomwe ndinachita

Lamulungu ndinachotsa chigawo choyera nkuikapo RG-58 yathunthu, yopanda mfundo, kuchoka pa T wa pamwamba kufika pa T wa pansi, ndipo m'siling'imo ndinailowetsa mu paipi ya pulasitiki chifukwa cha makoswe. Ma BNC asanu ndi awiri omwe anali opotera ndi manja ndinawadula nkupanira atsopano. Mikombero ya kuseri kwa makabati ndinaichotsa. Ma T onse ndinawaveka zophimba za pulasitiki, ndipo wa kosungira katundu ndinamuchotsa pa shelefu.

Za kutalika, njira yodziwika inali kugula repeater, bokosi lolimbitsa uthenga pakati pa nthambo ziwiri, koma inali yodula ndiponso yochita kuitanitsa kunja. NetWare inali ndi mwayi wina: ukaika makhadi awiri mu seva, lililonse ndi nambala yake ya netiweki ya IPX, chilankhulo cha NetWare pa waya, seva yomweyo imadutsitsa mapaketi pakati pawo. Khadi lakale la seva, lomwe ndinalichotsa Lachisanu popanda mlandu, ndinalibwezera ngati lachiwiri. Ndinakoka nthambo yatsopano kuchoka pa seva kutsikira ku makaunta, motero panakhala nthambo ziwiri: ya pamwamba ya mamita 88 yokhala ndi makompyuta 11, ndi ya pansi ya mamita 140 yokhala ndi otsalawo. Chigawo cha m'siling'i chomwe ndinali nditangokonza chinakhala mbali ya nthambo ya pansiyo. Iliyonse inali ndi ma terminator ake awiri ndi ethi yake imodzi, ku seva. Phindu lina linali lakuti wina akamasula waya pa kaunta, a akawunti sankadziwanso nkomwe.

Chovuta kwambiri chinali desiki ya bwana. Lolemba m'mawa ndinawafotokozera kuti nthambo iyenera kupita pa kompyuta yawo nkubwereranso kukhoma, mawaya awiri m'malo mwa mmodzi.

"Ndiye mukuti vuto lonseli ndi desiki yanga?"

"Ayi bwana, ndi limodzi mwa anayi. Koma likatsala, a akawunti azivutikabe."

"Nanga seva yatsopano ija?"

"Musagule, bwana. Yomwe muli nayoyi ilibe vuto. Mukanagula, ikanadwala matenda omwewa, chifukwa ikanalowa pa waya yemweyu."

Ndinawaonetsa chidutswa choyera chija ndi mfundo zake za tepi. Anachitembenuza kangapo, osayankha, kenako anaitana kalipentala kuti aboole pansi pa desiki ndi kuika kamsewu ka pulasitiki pansi pa kapeti.

Ndisanachoke ndinajambula mapu a nthambo zonse ziwiri, kutalika kwa chigawo chilichonse, pomwe pali ma terminator ndi ethi, nkumata pa khoma pafupi ndi seva. Pansi pake ndinalemba m'Chichewa ndi m'Chingerezi kuti wofuna kusuntha kompyuta amasule T pa khadi, asamasule nthambo pa T, ndiponso kuti aliyense wokwera m'siling'i ndi waya ayambe wawerenga zolembedwa pa chikopa chake. Bambo mesenjala aja ndinawasiyira ma terminator awiri ndi T mmodzi mu envulopu, nditawaonetsa momwe angadulire nthambo pakati ngati zitavuta ine ndili kutali.

Zotsatira

Fayilo ya ma megabyte 20 ija inkatenga pakati pa masekondi 31 ndi 36 pa kompyuta iliyonse, ya kosungira katundu yomwe. Makompyuta asanu okopera nthawi imodzi ankachedwa, monga ziyenera kukhalira anthu akamagawana ma megabit 10, koma palibe inafa. Pa 28 mwezi womwewo ndinapita kukakhala nawo mu akawunti tsiku lonse. Ntchito ya malipiro inatha isanakwane 3 koloko masana, ndipo amayi aja anaweruka dzuwa likadalipo. Ndinabweranso miyezi iwiri yotsatira, ziwerengero za mapaketi owonongeka zili pafupi ndi ziro.

Maganizo anga pa coaxial sanasinthe kuchokera nthawi imeneyo. Inali nthambo yabwino, yopirira phokoso la magetsi, yosafuna bokosi lodya magetsi pakati, ndipo inalola maofesi osauka kukhala ndi netiweki zaka zomwe sakanakwanitsa njira ina. Kufooka kwake nkwakuti inkafuna kuti aliyense wokhudza nyumbayo, kalipentala, wamagetsi, wosesa, bwana wosuntha desiki, adziwe malamulo ake, ndipo palibe ofesi yomwe zimenezi zingatheke kwa zaka zambiri. Nchifukwa chake 10BASE-T, yomwe inavomerezedwa mu 1990, inapambana ngakhale inkafuna hub, bokosi lolumikizapo nthambo zonse, ndi waya wochuluka: kompyuta iliyonse ili ndi nthambo yakeyake yosapitirira mamita 100, ndipo yako ikaduka umavutika wekha, kanyale ka pa hub nkuloza pomwe pali vuto.

Ndinawalangiza kusamukira kumeneko, ndipo anatero patapita zaka ziwiri, nyumba yaikulu yokha. Za kosungira katundu ndinalemba mu lipoti langa kuti nthambo ya mkuwa yodutsa panja pakati pa nyumba ziwiri si yoyenera, pafunika fibre, nthambo yoyendetsa kuwala m'malo mwa magetsi, koma mtengo wake anaukana. Choncho chigawo chimenecho chinatsala cha coaxial, cholowa pa BNC ya kuseri kwa hub. Chinagwira ntchito mpaka dzinja lina pomwe mphenzi inagwa pafupi usiku, nkupsereza hub ndi khadi la kompyuta ya kosungira katundu. Munalibe munthu m'nyumbamo. Sabata yotsatira anandiitana kuti ndikayeze njira ya fibre.